Mwapeza mapointi 24 kapena 30 pa MSCE? Umu ndi mmene mungapezere malo ku koleji

Zotsatira za MSCE zikatuluka, mayina amene amamveka pa wailesi ndi a ana amene apeza mapointi 6, 7 kapena 8. Ena amene amakambidwa m'mudzi ndi amene alakwiratu. Koma gulu lalikulu limene ndakhala ndikuliona pa zaka zanga zophunzitsa pa sekondale yoyendera ndi la pakati: ana a mapointi 22, 26, 31, amene akhoza ndithu koma palibe wowaimbira nthungululu. Amabwera ku ofesi kudzatenga kapepala ka zotsatira, amakapinda kanayi, kukaika m'thumba la malaya, kenako n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Aphunzitsi, ndiye pamenepa zitheka?"

Zimatheka, ndipo ndaziona zikutheka kambirimbiri. Kungoti mnzanu wa mapointi 9 akhoza kulemba fomu ali m'tulo n'kusankhidwabe, pamene inu muyenera kudziwa khomo loti mugogode ndi nthawi yoti mugogode. Ana ambiri a mapointi apakati amene ndawaona akukhala pakhomo zaka ziwiri kapena zitatu, chinawagwetsa ndi kusankha molakwika pa fomu ndiponso kudikira khomo limodzi lokha. Malangizo awa ndi anu, komanso a makolo ndi amalume amene akuthandizani kuganiza.

Yambani ndi kapepala kanu, phunziro lililonse palokha

MANEB imapereka magiredi kuyambira 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi wamba, ndipo 9 ndiye kuti mwalakwa. Mapointi anu amachokera pa maphunziro asanu ndi limodzi amene mwakhoza bwino. Mayunivesite a boma amafuna makirediti asanu ndi limodzi, Chingelezi chili momwemo. Choncho munthu wa giredi 6 pa maphunziro onse asanu ndi limodzi ali ndi mapointi 36 ndipo ali ndi ufulu wolembera. Kukhala ndi ufulu wolembera ndi kusankhidwa n'zosiyana, popeza oyenerera amachuluka kwambiri kuposa malo amene alipo, komabe yambani mwadziwa ngati muli m'gulu la oyenerera kapena ayi.

Tsopano tengani cholembera. Lembani maphunziro anu onse pa pepala, giredi yake pambali. Ndikupatseni ana awiri amene onse ali ndi mapointi 24. Woyamba ali ndi 4 pa Chingelezi, 3 pa Masamu, 4 pa Biology, 3 pa Agriculture, 5 pa Chemistry ndi 5 pa Geography. Wachiwiri ali ndi 2 pa Chichewa, 3 pa Bible Knowledge, 3 pa Social Studies, 4 pa History, 6 pa Geography, 6 pa Chingelezi, ndipo Masamu anapeza 8. Kunyumba onse adzanena kuti "ndapeza 24", koma makomo amene angawatsegukire ndi osiyana kotheratu. Woyambayo angayese zaulimi, zaumoyo, uphunzitsi wa sayansi. Wachiwiri asataye ndalama ya fomu polembera unamwino kapena uinjiniya. Mphamvu zake zili ku zilankhulo, mbiri, zachipembedzo, utolankhani ndi uphunzitsi wa maphunziro amenewa.

Zungulizani maphunziro atatu kapena anayi amene muli nawo bwino kwambiri. Zonse zimene zikubwerazi muziziyeza ndi maphunziro amenewo.

Lemberani ku mayunivesite a boma, koma fomuyo muidzaze mutu uli pansi

Mayunivesite a boma alipo asanu ndi imodzi: UNIMA ku Zomba, MUBAS ku Blantyre, KUHeS ya zaumoyo, LUANAR ku Bunda, Mzuni ku Mzuzu ndi MUST ku Thyolo. UNIMA, MUBAS ndi KUHeS zinali yunivesite imodzi mpaka mu 2021 pamene zinapatukana, n'chifukwa chake akuluakulu amanenabe kuti Chanco, Poly, College of Medicine ndi KCN. Kwa amene angomaliza kumene Fomu 4, kulembera kumadutsa ku bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite ndi m'makoleji la NCHE, limene limatulutsa chilengezo chimodzi chokhala ndi mapulogalamu onse ndi zofunika zake. Dongosolo la kota, losankha potengera boma lochokera, linathetsedwa mu 2020, choncho musamvere wina wokuuzani kuti mulembe boma la agogo anu kuti mwayi ukule.

Chilengezocho muchiwerenge chonse, ngakhale chili chachitali. Chimanena zaka za mayeso zimene zikuloledwa chaka chimenecho, ngati zotsatira za maulendo awiri zingaphatikizidwe, ndalama ya fomu ndi kumene ikalipiridwe, ndi tsiku lotsekera. Pa pulogalamu iliyonse pamalembedwa maphunziro amene muyenera kukhala nawo pa kirediti. Mukasankha pulogalamu imene mulibe phunziro lake limodzi, chisankho chimenecho chapita m'madzi, ngakhale mapointi anu atakhala okongola chotani.

Apa ndi pamene ana anga ambiri amaphonyera. Mwana wa mapointi 25 amadzaza malo onse a pa fomu ndi mapulogalamu amene dziko lonse likuwathamangira: udokotala, pharmacy, uinjiniya, accountancy, economics. Akamatero amakhala akupikisana ndi ana a mapointi 7 ndi 10 ochokera ku sekondale zogonera komweko, ndipo dzina lake silituluka paliponse. Kumbukirani kuti mpikisano wanu uli ndi anthu okhawo amene asankha pulogalamu imene inu mwasankha. Pulogalamu imene ochepa akuifuna, mzere wake ndi waufupi.

Ine ndimawalangiza chonchi. Malo oyamba ikani chimene mtima wanu ukufunadi, bola mukhale ndi maphunziro ake onse. Malo otsalawo muwapereke ku mapulogalamu amene akugwirizana ndi maphunziro amene munazunguliza aja, ndipo muyang'ane dala amene anzanu sakuwatchula. Uphunzitsi wa sekondale uli ku UNIMA ndi ku Mzuni, ndipo uli ndi nthambi zingapo: zilankhulo, sayansi, maphunziro a za anthu. Ku LUANAR kuli zaulangizi wa alimi, za nsomba, za nkhalango, za ziweto. Ku Mzuni kulinso za nkhalango, za nsomba, za malo, za laibulale ndi zokopa alendo. MUST, imene anthu amaidziwa ndi sayansi, ilinso ndi sukulu ya zachikhalidwe. Musaike mapulogalamu onse ku yunivesite imodzi chifukwa choti muli ndi achibale mu mzinda umenewo.

Njira ina yabwino ndi kufufuza amene anasankhidwa chaka chatha kuchokera pa sukulu yanu kapena yoyandikana nayo. Afunseni kuti anali ndi magiredi otani ndipo anapita ku pulogalamu iti. Anthu atatu kapena anayi akakuuzani, mumayamba kuona pamene mzere umadukira. A hedi kapena aphunzitsi a Fomu 4 nthawi zambiri amawakumbuka ana amenewa ndi mayina.

Mawu amodzi okha owonjezera apa: musalembe pulogalamu imene mukudziwa kuti simungaipirire. Zaka zinayi ndi zambiri, ndipo ku yunivesite amachotsa munthu akalephera mayeso.

Musakhale pansi kudikira NCHE

Kuyambira tsiku lolembera mpaka tsiku limene mayina amatuluka pamadutsa miyezi. M'miyezi imeneyo makoleji ena amalengeza malo, amalembetsa mayeso olowera, amasankha anthu, n'kutseka. Amene amati "ndiyambe ndamva za ku yunivesite" amadzazindikira makomo onse atatsekedwa. Lemberani kwina konse kumene mukuyenera pa nthawi yomweyo. Mukadzasankhidwa malo awiri, limenelo ndi vuto lokoma.

Ngati muli ndi makirediti pa Chingelezi, Masamu, Biology ndi Physics kapena Chemistry, yang'anani za umoyo. Malawi College of Health Sciences ili ndi nthambi ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba. Palinso makoleji a mipingo a pansi pa CHAM: Nkhoma, Ekwendeni, St John's ku Mzuzu, St Luke's ku Malosa, St Joseph's ku Nguludi, Holy Family ku Phalombe, Mulanje Mission, Trinity ku Nsanje ndi Malamulo ku Thyolo. Dipuloma ya unamwino ndi uzamba imatenga zaka zitatu, ndipo mukamaliza mumalembanso mayeso a bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi musanayambe ntchito. Makoleji amenewa amaonetsetsa kwambiri magiredi a sayansi, ndipo kawirikawiri amakuitanani kuti akuoneni ndi kukufunsani mafunso. Pokonzekera, bwerezani Biology ya Fomu 3 ndi 4, ndipo mukhale ndi yankho lochokera pansi pa mtima la chifukwa chimene mukufunira ntchito yosamalira odwala. Amene amafunsa mafunsowo amva kale kambirimbiri yankho lakuti "ndimakonda yunifolomu".

Kwa ofuna uphunzitsi, Domasi College of Education ku Zomba ndi Nalikule College of Education ku Lilongwe amaphunzitsa aphunzitsi a sekondale. A pulayimale amaphunzira ku ma TTC monga Karonga, Kasungu, Lilongwe, Machinga, Blantyre, Chiradzulu, Phalombe ndi St Joseph's ku Bembeke, imene ndi ya atsikana okhaokha. Ndinene poyera, popeza ndi ntchito yanga: ambiri omaliza ku TTC akhala akudikira nthawi yaitali boma lisanawalembe ntchito, ndipo anamwino enanso zimawachitikira. Lowani mukudziwa zimenezi, ndipo mukonzeke kuyamba pa sukulu kapena chipatala chimene si cha boma.

Palinso makoleji amene ana ambiri sanawamvepo n'komwe. Natural Resources College (NRC), imene tsopano ili pansi pa LUANAR, imapereka madipuloma a zaulimi, ulimi wothirira, za ziweto ndi za kadyedwe. Ku Dedza kuli koleji ya za nkhalango ndi nyama zakutchire, ku Mpwepwe m'boma la Mangochi kuli ya za nsomba, ku Magomero kuli ya zachitukuko cha m'midzi. Wokonda mawerengero a ndalama angayambe ndi satifiketi ya ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama, kuphunzira ku Malawi College of Accountancy kapena kwina, n'kumakwera pang'onopang'ono. Wokonda kulemba ndi kuyankhula ali ndi Malawi Institute of Journalism, ndipo wa zamahotela ali ndi Malawi Institute of Tourism.

Chimene ndikufuna mugwire apa n'chakuti dipuloma ndi makwerero. Mayunivesite a boma ali ndi khomo lina lotchedwa mature entry, lolowera anthu amene ali ndi dipuloma yovomerezeka ndipo agwirapo ntchito, ndipo ambiri sayambira chaka choyamba. Mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa anapeza mapointi 27 ndipo dzina lake silinatuluke. Analira sabata yathunthu. Mayi ake anagulitsa mbuzi ziwiri ndi matumba a mtedza, iye n'kukayamba dipuloma ya zaulimi. Anagwira ntchito ya ulangizi kumudzi zaka zingapo, akuyenda pa njinga yakapalasa, kenako analowa digiri kudzera khomo limeneli akulandira kale malipiro. Tsiku lina anandipeza pa msika, atanyamula mwana kumsana, n'kundiuza kuti, "Aphunzitsi, ija munkanena ija yatheka."

Mzuni ndi LUANAR alinso ndi maphunziro a ODeL, oti munthu amaphunzira ali kwawo n'kumapita ku sukulu pa nthawi zoikika. Kulembera kwake kumapita ku yunivesiteyo mwachindunji. Njira imeneyi imafuna munthu wodziletsa, woti angathe kuwerenga yekha madzulo atatopa ndi kumunda kapena ku geni.

Ntchito zamanja muziganizire mofatsa

Ndikudziwa kuti makolo ena akamva za TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, amaona ngati mwana watsika. Koma taonani amene akumanga nyumba m'matauni athu, amene akuika magetsi a dzuwa, kukonza mafiriji, kuwotcherera zitseko ndi mawindo. Munthu wa luso lake sadikira kalata yoitanidwa ku intavyu. Makoleji a boma ndi a mipingo a ntchito zamanja ali ku Lilongwe, Soche, Nasawa, Salima, Namitete, Mzuzu ndi Livingstonia, ndipo kuyambira mu 2015 boma lakhala likutsegula makoleji ang'onoang'ono m'maboma. TEVETA imalengeza malo chaka ndi chaka, ndipo amene asankhidwa kudzera njira imeneyi amalipira zochepa poyerekeza ndi olowa paokha. Maphunziro ake amasinthanitsa kalasi ndi kukagwira ntchito ku kampani. Mwana wa mapointi 30 amene ali ndi Masamu ndi Physics yabwinoko, akalowa zamagetsi kapena zamagalimoto, amakhala pamwamba m'kalasi. Atsikana amalimbikitsidwa kwambiri kulembera ntchito zimene kale ankati ndi za amuna, ndiye musaope kulemba za mipope kapena zamagetsi.

Mayunivesite amene si a boma: funsani mafunso awiri musanalipire

Catholic University ku Nguludi, University of Livingstonia, Malawi Adventist University, Nkhoma University, DMI St John the Baptist ku Mangochi, Malawi Assemblies of God University ndi ena amalandira ana ambiri a mapointi apakati. Khomo lake ndi lotakasuka, koma thumba liyenera kukhala lokonzeka.

Funso loyamba: kodi pulogalamu imene mukufunayo ndi yovomerezeka ndi NCHE? Ndikunena pulogalamuyo, chifukwa sukulu ikhoza kukhala yolembetsedwa koma ena mwa maphunziro ake asanavomerezedwe. NCHE imatulutsa mndandanda wa sukulu ndi mapulogalamu ovomerezeka. Uoneni ndi maso anu, musangokhulupirira chikwangwani cha pa geti kapena mawu okoma a pa Facebook. Ngati ndi zaumoyo, funsaninso ngati Nurses and Midwives Council kapena Medical Council of Malawi ikuwadziwa maphunzirowo. Safunsa anadya phula, ndipo pa nkhani iyi phulalo ndi zaka zinayi za fizi n'kutuluka ndi pepala limene olemba ntchito akulikana.

Funso lachiwiri ndi la pa banja. Khalani pansi ndi amene adzalipire, muwerengere limodzi fizi, malo ogona, chakudya, thiransipoti ndi zolembera, za zaka zonse mpaka kumaliza. Ndaona ana akusiyira chaka chachiwiri chifukwa amalume amene analonjeza anali ataganizira teremu yoyamba yokha. Ngati ndalama zikukwanira dipuloma ya zaka ziwiri kapena zitatu koma digiri ayi, tengani dipulomayo muimalize.

Bungwe la ngongole za ophunzira, HESLGB, limene linakhazikitsidwa mu 2015, limabwereketsa ndalama kwa ophunzira osowa a m'mayunivesite a boma ndi ena ovomerezeka. Muyenera kulembera mukapeza malo, ndipo si onse olembera amene amalandira. Ndi ngongole, mudzayenera kuibweza mukadzamaliza maphunziro.

Kubwereza: liti, ndipo motani

Kubwereza kumathandiza pamene mukudziwa bwinobwino chimene chinakugwetsani. Muli ndi makirediti asanu ndipo Chingelezi munapeza 7? Bwerezani, chifukwa popanda kirediti ya Chingelezi makomo ambiri ndi otseka. Mukufuna unamwino koma Masamu muli ndi 8? Bwerezani. Munadwala nthawi ya mayeso, kapena sukulu yanu inalibe mphunzitsi wa Physics chaka chonse? Pamenepo pali chifukwa chomveka.

Koma ngati muli ndi mapointi 24 ndi makirediti onse, ndipo mukufuna kubwereza kuti mufike pa 10 chifukwa mnzanu anatero, ganizani kawiri. Kubwerera pa desiki yomweyo, ndi makope omwewo, ndi kawerengedwe komweko, kawirikawiri kumabweretsa mapointi omwewo, mwinanso oipirapo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: ngati koleji ina yakupatsani kale malo pa maphunziro amene mungawakonde, musawataye chifukwa cha mapointi amene simunawapeze.

Mukatsimikiza zobwereza, sinthani kanthu. Pezani sekondale ya open kapena sukulu ina imene ili ndi mphunzitsi wodziwika pa phunziro limene linakuvutani. Sonkhanitsani mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, muziwayankha mutaika wotchi patsogolo. Kalembera wa MANEB amachitika miyezi yambiri mayeso asanafike, choncho funsani ku sukulu msanga. Musanasankhe kulemba maphunziro awiri kapena atatu okha, onani kaye ngati koleji imene mukuifuna imalola kuphatikiza zotsatira za maulendo awiri. Ikakhala kuti imafuna za ulendo umodzi, muyenera kulemba onse.

Mapepala, foni ndi akamberembere

Gulani envulopu yolimba kapena fayilo ya pulasitiki. Muikemo kapepala ka zotsatira, chiphaso cha unzika, zithunzi zing'onozing'ono, kalata ya umboni yochokera kwa a hedi, ndi mafotokope angapo a chilichonse. Makoleji ena amafuna mafotokope odindidwa ndi wovomerezeka, monga kwa majisitireti kapena kwa DC. Onetsetsani kuti dzina lanu lalembedwa mofanana paliponse. Mnyamata wina wa m'kalasi langa anali ndi dzina la bambo ake pa zotsatira za mayeso, koma pa chiphaso panali dzina la agogo ake aamuna amene anamulera. Anayenda maulendo atatu kupita ku boma kukakonza zimenezi, tsiku lotsekera likuyandikira, ndalama ya minibasi ikuchokera pa nkhuku za amayi ake. Yerekezani mapepala anu lero, chilembo ndi chilembo.

Ngati mukulembera pa intaneti ndipo wina akukuthandizani pa kompyuta, khalani pambali pake mpaka amalize. Muwerenge nokha mapulogalamu amene wasankha, nambala yanu ya mayeso ndi nambala ya foni, musanalole kuti atumize. Lisiti ya ku banki muijambule pa foni ndipo pepala lakelo mulisunge mu fayilo muja.

Nyengo imeneyi ndi imene akamberembere amakolola. Wina adzakuimbirani kapena kukulemberani pa WhatsApp kuti ali ndi m'bale wake ku ofesi yosankha, mungotumiza kangachepe pa foni dzina lanu lilowe. Malo a ku koleji sagulidwa motero. Ndalama ya fomu imalipiridwa ku akaunti imene yalembedwa pa chilengezo, m'dzina la sukulu kapena bungwe, ndipo aliyense wokupatsani nambala ya munthu kuti mutumizeko ndi wakuba.

Pomaliza, tengani kope laling'ono. Tsamba lililonse likhale la koleji imodzi: tsiku limene munalembera, ndalama imene munalipira, tsiku la mayeso olowera kapena intavyu, ndi nambala ya ofesi yawo. Nambala ya foni imene mwalemba pa mafomu isasinthe ndipo izikhala yoyaka. Ngati kwanu netiweki imavuta kapena kutchaja n'kovuta, lembaninso nambala ya m'bale wodalirika wa m'tauni, mumuuziretu kuti akalandira foni yachilendo yofunsa za inu asaidule. Mupemphenso munthu mmodzi amene amaona nyuzipepala tsiku ndi tsiku, kaya ndi mphunzitsi, kaya ndi wa ku tchalitchi kapena ku mzikiti, kuti akaona chilengezo cha malo kapena mndandanda wa osankhidwa azikujambulirani. Makoleji ena, osankhidwa oyamba akalephera kubwera chifukwa cha fizi kapena atapeza malo kwina, amaitana amene anali otsatira pa mzere, ndipo nthawi zambiri amapereka masiku ochepa oti munthu afike.